Chitseko chagalasi chikayamba kulimba, yambani ndi kuyang'ana pansi

Chitseko chagalasi chotsetsereka, cha mtundu umene umaikidwa potulukira pakhonde, chinapangidwa kuti chizitseguka ndi dzanja limodzi, ndipo chikakhala bwinobwino ngakhale mwana amachikankha osavutika. Munthu wamkulu akafika pochigwira ndi manja awiri n'kumachikoka ndi thupi lonse, ndiye kuti china chake chinawonongeka kalekale, kungoti vutolo linabwera pang'onopang'ono moti apabanja onse analizolowera. Pa zitseko zimene ndakhala ndikukonza, eni ake amadandaula zinthu zooneka ngati zosiyana: wina amati chitseko chikulimba, wina amati loko sakukola, wina amati mphepo ikulowa m'mbali, ndipo wina amatopa ndi phokoso la kukwecha. Maganizo anga ndi akuti nthawi zambiri madandaulo onsewa amachokera pamalo amodzi, pansi pa chitseko, pamene pali timawilo tating'ono ndi njanji imene timayendapo, ndipo amene wayamba ndi kugula loko watsopano asanagwade n'kuyang'ana pamenepo amawononga ndalama zake pachabe.

Kuti timvetse chifukwa chake, tiyenera kuganizira kulemera kwa chitsekocho. Galasi lalikulu sikweya mita imodzi limalemera makilogalamu 2.5 pa milimita iliyonse ya kuchindikala kwake. Choncho chitseko chotalika mamita 2, cha masentimita 90 m'lifupi, chokhala ndi galasi lochindikala mamilimita 6, chili ndi galasi lolemera makilogalamu 27, ndipo chikakhala cha magalasi awiri ophatikiza a mamilimita 4 lililonse, kulemerako kumafika pa makilogalamu 36, tisanawerengere felemu. Pa zitseko zambiri zamtunduwu, njanji ya pamwamba sinyamula kanthu. Ntchito yake ndi yongogwira chitseko kuti chisagwe. Katundu yense amatsamira pa timawilo ta m'makona awiri a pansi, timene kukula kwake nthawi zambiri sikupitirira masentimita 4. Kawilo kamodzi kakasiya kuzungulira, chitsekocho chimakhala ngati wilibala yodzaza imene tayala lake lagwira: chimayendabe ngati mukukankha mwamphamvu, koma chimakhala chikukhukhuluza ndi kuperesa pamene chikudutsa. Mbali ya kawilo kodwalako imatsika pang'ono, chitseko chimapendekeka, mbedza ya loko imaphonya pokolera pake, ndipo m'mphepete mumatsala mpata wolowera mphepo.

Ntchito yoyamba ndi kuyeretsa njanji, ndipo ngakhale imaoneka yonyozeka, zitseko zambiri zimachirira pomwepa. Njanji ya pansi ndi ngalande imene imasonkhanitsa chilichonse chodutsa pakhomo: mchenga wa kunsapato, tsitsi, ubweya wa ziweto, tizilombo takufa ndi timasamba touma. Yambani ndi kuchotsa zouma zonse ndi makina opopa fumbi kapena kabulashi, musanathire madzi, chifukwa madzi akakumana ndi fumbi lambiri amangopanga matope amene amalowa m'makona. Kenako tsukani ndi madzi ofunda a sopo pogwiritsa ntchito mswachi wakale, ndipo m'ngalande zopapatiza lowetsanimo kansalu kokulunga pa nsonga ya sikuludiraiva. Musaiwale kukankhira chitseko mbali ina kuti muyeretsenso pamene chimaima nthawi zonse, pakuti pamenepo ndi pamene litsiro limaunjikana kwambiri. Mchenga ndi woopsa kuposa mmene umaonekera. Pa muyeso wa Mohs, umene umayerekezera kulimba kwa miyala ndi zinthu zina, mwala umene umapanga mchenga wambiri uli pa 7, pamene aluminiyamu safika n'komwe pa 3. Izi zikutanthauza kuti kamchenga kalikonse kamene kapondedwa ndi kawilo kamakanda njanji, ndipo zimenezi zimachitika nthawi iliyonse chitseko chikatsegulidwa.

Pankhani ya mafuta ndili ndi maganizo olimba. Anthu ambiri akamva chitseko chikulira amathamangira girisi kapena mafuta a galimoto n'kupaka njanji yonse, ndipo kwa masiku ochepa chitseko chimatsetserekadi, n'chifukwa chake chizolowezichi sichitha. Koma kawilo kanapangidwa kuti kazigudubuzika pa njanji, osati kuterereka. Mafuta okhuthala amachititsa kawilo kogwira kuti kazingoterereka m'malo mozungulira, vuto n'kubisika, ndipo pambuyo pake mafutawo amamata fumbi ndi mchenga n'kusanduka phala lakuda loperesa zitsulo. Ngati pakufunika chofewetsa, gwiritsani ntchito mankhwala opopera a silikoni amene amauma osasiya zomata, muwalunjike pa timawilo penipeni ndi m'mbali mmene chitseko chimakhudzana ndi felemu, kenako mupukute otsala pa msana wa njanji, kamzere kotukuka kamene timawilo timayendapo. Mafuta opepuka omasulira zitsulo zochita dzimbiri ali ndi ntchito yake, imene ndiitchula kutsogoloku, koma si oti azikhala m'njanji.

Chitseko chikakhalabe cholimba njanji itayera, chotsatira ndi kukweza kapena kutsitsa timawilo. Eni nyumba ambiri sadziwa kuti zimenezi zimatheka. Mukayang'ana m'munsi mwa chitseko choyendacho, kumaso kwake kapena m'mbali mwake mopapatiza, mupeza kabowo kumapeto kulikonse, kawirikawiri kotsekedwa ndi kachivindikiro ka pulasitiki. Mkati mwa kabowoko muli sikuluwu imene imakankha kawilo kuti katuluke pansi kapena kubwerera m'kati mwa felemu. Pa zitseko zambiri, kupotokola kumanja kumakweza chitseko, koma si zonse, choncho potokolani theka la mzungulo n'kuona chimene chachitika. Pamakhalanso sikuluwu ina pafupi imene imagwira kona ya felemu, ndipo imeneyo si yoti muigwire pakadali pano. Kuti sikuluwu yokwezera isalimbe kapena kuphwanyika mutu, pemphani wina anyamule pang'ono mbali imene mukugwirayo, kapena lowetsani chitsulo chafulati pansi pa chitseko mutayala kathabwa koteteza njanji. Njira yodziwira kuti chitseko chaongoka ndi yapafupi: chikankheni mpaka patsale mpata wokwana chala chimodzi kuti chitsekeke, ndipo muyang'ane mpatawo kuyambira pamwamba mpaka pansi. Ukakhala waukulu pamwamba, kwezani mbali ya chitseko yotalikira mpatawo kapena tsitsani mbali yoyandikira mpatawo. Ukakhala waukulu pansi, chitani mosemphanitsa. Cholinga ndi chakuti chitseko chisakhudze njanji pena paliponse kupatula pa timawilo, komanso chisakwere kwambiri mpaka kukagunda pamwamba.

Nthawi zina sikuluwu imazungulira koma chitseko osakwera, kapena chimakwera koma n'kumayendabe modumphadumpha, ndi kaphokoso kobwerezabwereza pa mtunda wofanana. Apo ndiye kuti timawilo tatha, ndipo chitseko chiyenera kuchotsedwa. Pano ndikhalitsapo pang'ono, chifukwa ndi pamene munthu angavulale. Ntchito imeneyi ndi ya anthu awiri, ovala magolovesi ndi nsapato zotseka. Konzerani malo ogonekapo chitseko musanachigwire, pamatabwa awiri oyalidwa bulangete, osati pasimenti. Bwezani timawilo tonse m'kati mwa felemu kuti chitseko chitsike ndipo pamwamba patseguke mpata. Fufuzani m'njanji ya pamwamba ngati muli timapulasitiki kapena masikuluwu oletsa chitseko kunyamulidwa, ndipo muwachotse. Pa zitseko zina pamakhala kathabwa kapena kachitsulo kakatali kotchinga pamwamba, komangidwa ndi masikuluwu, ndipo kameneko kakangochoka chitseko chimatha kugwera m'nyumba ngati palibe wochigwira. Mukatero, kankhirani chitseko mpaka chifike pakati pa khomo, muchinyamule molunjika kuti mutu wake ulowe m'njanji ya pamwamba, kenako mukokere m'munsi mwake kwa inu mpaka timawilo tidumphe njanji, n'kuchitsitsa mwachifatse. Pali zitseko zina zimene chitseko choyenda chimatulukira kunja, ndipo galasi losayenda liyenera kuyamba lachotsedwa. Mukaona kuti chanu ndi chotere ndipo simunachitepo, ndi bwino kuitana mmisiri wa magalasi.

Chifukwa chosamalira makona chili m'kapangidwe ka galasilo. Galasi la zitseko zambiri zamakono limalimbitsidwa ndi moto: amalitenthetsa mpaka kupitirira madigiri 600, kenako n'kuliziziritsa mwadzidzidzi ndi mpweya. Kunja kwake kumauma msanga n'kukhala kopanikizika, pamene m'kati mumatsala mokokeka, ndipo zimenezi zimalipatsa mphamvu pafupifupi kanayi kuposa galasi wamba. Likasweka limayoyoka n'kukhala timiyala ting'onoting'ono m'malo mwa zidutswa zazitali zonga mipeni. Koma mphamvu yakeyo ili kumaso; m'mphepete ndi m'makona ndi losalimba, moti kona ikangogunda pansi polimba kapena kukhudzidwa ndi nsonga ya chitsulo, galasi lonse limatha kuphulika nthawi imodzi. Silidulidwanso kapena kuboolewa likatuluka m'ng'anjo. Galasi lotere limakhala ndi kachidindo kosafufutika pakona, ndipo ndi bwino kukafufuza. Ku United States lamulo lokakamiza magalasi otetezeka pa zitseko zotere linayamba kugwira ntchito m'dziko lonse mu 1977, anthu ambiri atavulala pogunda zitseko zimene ankaganiza kuti n'zotsegula, ndipo maiko ena ali ndi malamulo awo ofanana nalo. Chitseko chakale chopanda chidindo chikhoza kukhala cha galasi wamba, ndipo chotero ine sindichinyamula. Ndimalangiza mwini wake kuti asinthe galasilo.

Chitseko chikagona pamatabwa, timawilo timanena tokha mbiri yake. Kawilo kamene kakhala kakukhukhuluzidwa kwa nthawi yaitali kamakhala ndi mbali imodzi yophwatalala, yonyezimira, ndipo mukakazunguliza ndi chala kamayenda pang'ono n'kuima, kakumveka ngati muli mchenga m'kati. Pa kamtengo kake pamakhala patakulungika tsitsi ndi ulusi zolimba ngati chingwe, zosakanikirana ndi phala lotuwa, ndipo kutuwako ndi ufa wa aluminiyamu woperesedwa ku njanji. Nthawi zina mukadula tsitsilo ndi kampeni, n'kutsuka ndi kupopera silikoni, kawilo kamayambanso kuzungulira mosavuta, ndipo palibe chogula. Koma ngati kaphwatalala, kang'ambika, kapena mabering'i ake achita dzimbiri moti kakugwedera, kasintheni. Sinthani mbali zonse ziwiri nthawi imodzi, chifukwa kawilo katsopano ndi kakale sitiyenda mofanana. Mitundu ya timawilo ndi yochuluka kwambiri, ndipo timasiyana kukula, kuchindikala kwa kabokosi kake ndi malo a masikuluwu, choncho njira yodalirika ndi kutenga kakaleko m'manja popita kukagula, osati chithunzi chokha. Pali ta nayiloni ndi ta chitsulo. Ta nayiloni timayenda mwakachetechete ndipo sitidya njanji ya aluminiyamu, koma timatha msanga pa chitseko cholemera; ta chitsulo timapirira katundu, koma tikagwira timawononga njanji mofulumira. Kumalo a chinyezi kapena pafupi ndi nyanja ya mchere, sankhani ta chitsulo chosachita dzimbiri. Sikuluwu yachitsulo imene yakhala zaka m'kati mwa aluminiyamu monyowa imamatirira, chifukwa zitsulo ziwiri zosiyanazi zikakumana ndi madzi zimadyana. Apa ndi pamene mafuta omasulira aja amathandiza: thirani, dikirani, ndipo mugwiritse ntchito sikuludiraiva yokwana bwino m'mutu mwake, chifukwa mutu ukangophwanyika ntchito ya mphindi zochepa imasanduka ya tsiku lonse.

Chitseko chisanabwerere, yendetsani chala pa msana wa njanji kuchokera kumapeto mpaka kumapeto. Pamene pakala pang'ono mukhoza kusalaza ndi tupa kapena sandipepa, ndipo khoma la njanji likapindika limaongoka mukayikapo kathabwa n'kumenya pang'onopang'ono ndi hamala. Msana ukaperesedwa kwambiri kapena kukumbika, si kuti felemu yonse iyenera kugumulidwa: amagulitsa kachitsulo kakatali kosachita dzimbiri kamene kamavekedwa pamwamba pa msana wakalewo, ndipo timawilo timayenda pa kameneko.

Loko ndimamugwira pomaliza, chitseko chitaongoka, ndipo nthawi zambiri ndimapeza kuti wayamba yekha kukola. Ngati sakukolabe, pakani choko pa nsonga ya mbedza, tsekani chitseko n'kuyesa kukhoma, ndipo chizindikiro chotsala pa felemu chikusonyezani ngati mbedzayo ikumenya pamwamba kapena pansi pa bowo lake. Kachitsulo kokolerako kamakhala ndi mabowo aatali a masikuluwu kuti kazitha kusunthidwa m'mwamba kapena m'munsi. Maloko ambiri alinso ndi kasikuluwu kumaso kamene kamatulutsa mbedza patsogolo kapena kuibweza. Chimene chimapha maloko amenewa kawirikawiri ndi kumenyetsa chitseko mbedza ili kunja, ndipo loko wopindika mbedza ndi wofunika kungosintha. M'bowo la kiyi musathiremo mafuta. Ufa wa girafaiti, chinthu chakuda chija cha m'kati mwa pensulo, ndi umene umayenera. Ndiwonjezere mawu awiri pa za chitetezo, popeza njira imene mwachotsera chitseko ija ndi imenenso wakuba angagwiritse ntchito: bwezerani zoletsa kunyamula zija pamalo pake, ndipo ngati panalibe, mangani masikuluwu awiri m'njanji ya pamwamba, mitu yake itsike mokwanira kutseka mpata koma osakhudza chitseko. Ndodo yogoneka m'njanji kumbuyo kwa chitseko imathandizanso, bola aliyense m'nyumbamo azitha kuichotsa msanga pa ngozi ya moto.

Nkhani ya madzi imasokoneza anthu ambiri. Kupeza madzi pang'ono m'njanji mvula ikagwa ndi mphepo si vuto, chifukwa njanjiyo inapangidwa kuti iziwalandira n'kuwatulutsa kudzera m'timabowo ta kumaso kwake kwa kunja. Vuto limayamba timabowoto tikatsekeka ndi matope, penti kapena zisa za tizilombo, madzi n'kudzaza mpaka kusefukira m'nyumba. Ndaonapo timabowo timeneti titamatidwa dala ndi silikoni, mwini nyumba akuganiza kuti ndi mmene madzi akulowera, ndipo zimenezo zimangokulitsa vutolo. Titsegulidwe ndi kawaya, kenako thirani kapu ya madzi m'njanji n'kupita kunja kukaona ngati akutuluka. Ngati madzi akulowa m'mbali mwa felemu, pakati pa felemu ndi khoma, pamenepo ndiye pofunika kuchotsa zomatira zakale zong'ambika n'kumata zatsopano. Mphepo nayo imalowa tizingwe taubweya ta m'mphepete mwa chitseko tikaphwatalala kapena kuthothoka. Kuti mudziwe pamene pakulowa, panikizani kapepala potseka chitseko; kakasololoka mosavuta ndiye kuti pamenepo sipakugwira. Tizingweti timalowa m'kangalande ndipo timasololoka, choncho dulani kachidutswa mupite nako pogula kuti m'lifupi mwa tsinde lake ndi kutalika kwa ubweya zifanane. Ubweya wautali kwambiri umalimbitsa chitseko chimene mwangochikonza kumene.

Pa magalasi awiri ophatikiza, nthunzi ndi ya mitundu iwiri. Imene mungaipukute ndi nsalu m'kati mwa chipinda ikungosonyeza kuti m'nyumba muli chinyezi chambiri ndipo galasi lazizira. Imene ili pakati pa magalasi, yosafikika ndi dzanja, ikusonyeza kuti zomatira za m'mphepete zalekerera, mpweya wonyowa walowa, ndipo timibulu toyamwa chinyezi timene timakhala m'kachitsulo kolekanitsa magalasiwo takhuta. Izi sizikonzeka ndi kupukuta kapena kutenthetsa. Chimasinthidwa ndi chigawo cha magalasicho, felemu n'kutsala yomweyo, ndipo muyeso wake uyenera kutengedwa ndi amene adzachipange, popeza chikalakwika sichingadulidwe. Galasi lolimbitsidwa limathanso kuphulika lokha popanda wolikhudza, mwa apo ndi apo, chifukwa cha kachitsotso ka nickel sulphide kotsalira popanga, kamene kamafufuma pakapita nthawi. Palibe chimene mwini nyumba angachite kuti apewe zimenezi. Chitseko chaukonde chotchinga tizilombo, kumene chilipo, chimadwala matenda omwewa mocheperapo: timawilo take tili ndi masipuling'i ndi masikuluwu okwezera, ndipo chikamatuluka m'njanji kawirikawiri ndiye kuti kawilo kathyoka kapena felemu yake yopyapyalayo yapindika.

Pali zitseko zina zimene zimakanabe zonsezi zitachitika, ndipo chizindikiro chake ndi chakuti chitseko chimayenda bwino kumapeto koma chimagwira chikafika pakati, kapena simungathe n'komwe kuchinyamula kuti chituluke ngakhale timawilo tabwezedwa m'kati. Apa vuto silili pa chitseko koma pa khomo lenilenilo. Khomo la chitseko chotsetsereka ndi lotambalala, ndipo lintala ya pamwamba pake ikabwafuka ngakhale ndi mamilimita ochepa, imapanikiza njanji ya pamwamba. Pansi napo pakhoza kutitimira kapena kutukumuka. Yezani kutalika kwa khomo kumanzere, pakati ndi kumanja, yezaninso mopingasa kuchokera pakona ya pamwamba kufika pakona ya pansi mbali zonse ziwiri, ndipo ikani levulo pa njanji. Miyeso yopingasayo iyenera kufanana kapena kusiyana pang'ono chabe. Muzikumbukiranso kuti kutentha kumasintha zinthu: aluminiyamu wotalika mamita 2 amatalika ndi pafupifupi mamilimita 1.4 kutentha kukakwera ndi madigiri 30, ndipo felemu ya pulasitiki imafutukuka kuposa pamenepo, choncho chitseko chimene chimalimba masana okha n'kumasuka madzulo chimangofunika kuchitsitsa pang'ono. Koma ngati pakati pa khomo ndi pafupi kuposa m'mbali nthawi ina iliyonse, ndipo pakhoma pali ming'alu yochokera m'makona a khomo kupita m'mwamba, musaperese felemu kapena kukakamiza chitseko, chifukwa galasi likayamba kusenza kulemera kwa khoma likhoza kusweka. Lembani miyesoyo ndi tsiku lake, mudzayezenso pakapita miyezi ingapo, ndipo ngati yasintha muitane mmisiri womanga kapena injiniya kuti aone lintala ndi maziko musanagule chitseko china choti chilowe pa khomo lomwelo.